Wachiwiri akachokera kwathu, ndiye kuti tapata chiyani?

Chisankho cha 2030 chikadali kutali, ndipo zipani sizinakhale pansi n'komwe kusankha amene adzanyamule mbendera, koma kuno ku Nkhotakota anthu ayamba kale kugawa mpando wa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Pabawo, padepoti, m'minibasi za ku Dwangwa, ngakhale pasiwa anthu akatopa ndi kuimba, nkhani imafika pomwepo: uje akadzaima, adzatenga ndani? Mayankho ake ndi omwe aja a kale. Woimayo akakhala wa kummwera, akuti atenge wa pakati kapena wa kumpoto. Akakhala mkhristu, atenge msilamu kuti akokole mavoti a m'mbali mwa nyanja. Akakhala nkhalamba, atenge wachinyamata. Kenaka wina amaponyapo mawu amene amatikomera tonse m'khutu, akuti ulendo uno atiganizireko ife akunyanja.

Kulosera sikolakwika, ndipo ndale zopanda manong'onong'o sizingakome. Chimene ndikukana ine ndi funso limene timafunsa. Timafufuza kwawo kwa munthu, kumene amapemphera ndi zaka zake, pamene malamulo oyendetsera dziko amamukhazika pampando umenewo pa chifukwa chimodzi chachikulu: mtsogoleri akamwalira kapena akachoka, iyeyo ndiye amalumbira n'kutsiriza zaka zotsalazo. Gawo 83 la malamulowo likutero. Tikamavota, timachonga mapulezidenti awiri pakabokosi kamodzi, koma timapima m'modzi yekha.

Ife a ku Nkhotakota sitiyenera kuchita kuuzidwa ndi munthu, poti mpando umenewu tinaulawa. A Cassim Chilumpha, mwana wa konkuno, katswiri wa zamalamulo amene anayendetsapo unduna wa zachuma ndi maunduna ena mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi, anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira 2004 mpaka 2009. Powerengera mavoti, panalibe pokayikitsa. A Bingu wa Mutharika anali a ku Thyolo, mkatolika. A Chilumpha a m'chigawo cha pakati, msilamu. Masamu amene tikuchita pabawo lero anatheka ndendende chaka chimenecho. Koma awiriwa sanasankhane. Amene anawalumikiza anali Atcheya, a Muluzi, atakanika kusintha malamulo kuti aimenso kachitatu.

Chaka chisanathe chilumbirireni, mu Febuluwale 2005, a Bingu anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP. A Chilumpha anatsala ku UDF. Kuchokera pamenepo boma linali ndi mtsogoleri ndi wachiwiri wake osamwerana madzi. Mu Febuluwale 2006 a Bingu analengeza kuti wachiwiri wawo wadzichotsa yekha pampando chifukwa sankafika ku misonkhano ya nduna. Bwalo la milandu linaimitsa zimenezo, poti wachiwiri wosankhidwa ndi anthu sachotsedwa ndi kalata ya pulezidenti. Mu Epulo chaka chomwecho a Chilumpha anamangidwa pa mlandu woukira boma, powaganizira kuti ankakonza chiwembu chopha a Bingu. Anawatsekera, kenaka n'kuwasunga pakhomo pawo, ndipo mlanduwo unangoti nyomi zaka ndi zaka osaoneka mutu wake. Nthawi yonseyi, pamapepala, iwo anali adakali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Malawi. A Bingu akanamwalira mu 2007, munthu woimbidwa mlandu wofuna kuwapha ndiye akanalumbira.

Tsono funsani wa ku Linga, wa ku Benga kapena wa kwa Mwansambo kuti zaka zisanu zimenezo zinamusiyira chiyani. Sindikuwanena a Chilumpha ayi. Munthu womangidwa manja sangalime. Koma ngakhale akanakhala kuti ankadyera mbale imodzi ndi a Bingu, mpandowo ulibe thumba la chitukuko. Gawo 79 limanena kuti ntchito ya wachiwiri ndi kuthandiza mtsogoleri, ndi kugwira zimene malamulo kapena mtsogoleriyo amupatsa. Akapatsidwa unduna, ali ndi chochita. Akalandidwa, amatsala ndi galimoto, apolisi omulondera ndi maliro oti akaimire boma. Msewu, mlatho ndi mankhwala m'chipatala zimadutsa mu ndondomeko ya zachuma ku Nyumba ya Malamulo. Msewu wa M5 tinaulira tisanakhale ndi wachiwiri, ndipo tinapitiriza kuulira zaka zambiri atachoka.

Pali ena amati chabwino, chitukuko asabweretse, koma mavoti a kwawo amabweretsa, ndipo wofuna kupambana ayenera kuwerengera zimenezo. Nkhani imeneyi imanenedwa kawirikawiri moti ambiri saifunsanso umboni. Mu 2014 mayi Joyce Banda anasiya wachiwiri wawo a Khumbo Kachali n'kutenga a Sosten Gwengwe a ku Dedza, wachinyamata, poganiza kuti athyola MCP pachimake. Anathera pa nambala yachitatu ndi mavoti 20 pa 100 alionse, ndipo a Gwengwe anagwa ngakhale pa mpando wauphungu kwawo komweko. Mu 2025 a Lazarus Chakwera anatenga a Vitumbiko Mumba a ku Mzimba, munthu amene panthawiyo dzina lake linali pakamwa pa aliyense chifukwa cha momwe ankagwirira ntchito ku unduna wa zamalonda. MCP inapeza 33 pa 100 alionse, a Peter Mutharika 56.8. Munthu amene wagona pamzere wa petulo, amene thumba la feteleza lamukanika, savota poyang'ana kwawo kwa dzina lachiwiri.

Ndikudziwa, wina anditchulira 2020. Zoona, a Saulos Chilima anabweretsa mavoti. Mu 2019 a Chakwera anapeza 35 pa 100 alionse, a Chilima 20, ndipo ataima pamodzi pa 23 Juni 2020 anafika pafupifupi 59. Koma a Chilima sanatengedwe chifukwa choti kwawo n'ku Ntcheu. Anabwera ndi chipani chawo cha UTM, anthu awo, ndi mavoti oposa miliyoni amene anali atawerengedwa kale chaka chimodzi m'mbuyomo. Umenewo unali mgwirizano wa magulu awiri amphamvu. Ndi nkhani ina kutola munthu m'chipani mwako n'kumuika pachithunzi kuti anthu a kwawo asangalale.

Chimene olosera pabawo saiwerengera ndi mantha. Woimira chipani aliyense amadziwa mbiri imene ndafotokozayi, ndipo amadziwa kuti akalumbira, wachiwiriyo sangamuchotse pokhapokha Nyumba ya Malamulo itamuzenga mlandu. A Justin Malewezi anakhala ndi a Muluzi zaka pafupifupi khumi, koma kumapeto anatuluka mu UDF n'kuima paokha mu 2004. A Chilima anasiya DPP mu 2018 adakali wachiwiri, n'kupikisana ndi bwana wawo. A Michael Usi, amene analowa m'malo mwa a Chilima, anachitanso chimodzimodzi ndi a Chakwera mu 2025. Wandale woona zonsezi amayamba kufuna munthu amene sadzamuposa msinkhu, wopanda gulu lakelake, amene zonse adzaziona ngati chifundo cha bwana. Mu Febuluwale 2019, pamene a Mutharika anatchula a Everton Chimulirenji, ambiri ngakhale mu DPP momwemo anayang'anana. Maina akuluakulu onse amene ankamveka anagwa. Ine ndinamva kuti munthu amene wapsa ndi wachiwiri wamphamvu wafuna woti agone naye tulo, ndipo mpaka lero sindinaone chondisintha maganizo.

Choncho pali zingwe ziwiri zimene zimakoka woimayo: kuwerengera mavoti a zigawo, ndi kuopa mnzake. Palibe chingwe chimene chikufunsa ngati munthuyo angayendetse dziko. Funso limenelo likanayenera kuchokera kwa ife ovota, koma ife tatanganidwa kumuthandiza woimayo masamu ake.

Kumbukirani Epulo wa 2012. Pa 5 mwezi umenewo a Bingu anakomoka ku nyumba ya boma ku Lilongwe n'kumwalira. Boma linakhala duu osalengeza, thupi n'kuliulutsira ku South Africa ngati wodwala wokalandira chithandizo. Wachiwiri wawo, mayi Joyce Banda, anali atathamangitsidwa mu DPP mu Disembala 2010 ndipo anali atayambitsa People's Party. Usiku wa pa 6 nduna zina zinaonekera pa kanema wa boma n'kunena kuti mayiwa sangalowe m'malo poti anapandukira chipani. Amene anachezera pawailesi usiku umenewo sanaiwale momwe mitima inalili m'mwamba. Malamulo anapambana, asilikali anaima kumbali ya malamulo, ndipo pa 7 mayi Banda analumbira.

Taonani tsono zimene zinatsatira. Patangotha mwezi umodzi kwacha inagwetsedwa mphamvu, kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi, n'kusiyidwa kuti iziyandama. Maiko othandiza amene anakwiya ndi a Bingu anabwerera, mafuta anayamba kupezeka, koma mitengo inakwera mpaka msodzi wa ku Chia ndi mlimi wa mpunga wa ku Bua anamva kuwawa pogula ukonde, petulo wa injini ndi feteleza. Mu 2013 kunaphulika nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill. Kaya mumawayamikira mayi Banda kaya mumawadzudzula, zimenezo n'zanu. Mfundo yanga ndi yakuti ziganizo zolemera chotere zinapangidwa ndi munthu amene mu 2009 ambiri tinkangomukamba ngati nyambo yokokera mavoti a amayi ndi a chigawo cha kummawa. Ndani anawafunsa mu kampeni ya 2009 maganizo awo pa kwacha? Tinkavina kuti kwabwera mayi, basi.

Zikanakhala kuti taphunzirapo, 2025 chikanakhala chaka chofunsa mafunso. A Mutharika ankaima ali ndi zaka 85. Kunena zimenezi si kulodza munthu, ndi kuwerenga chabe, ndipo moyo uli m'manja mwa Chauta kwa wamng'ono ndi wamkulu yemwe, monga tinaonera pa 10 Juni 2024 pamene ndege inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kutenga a Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Komabe dzina la woima nawo linali nkhani yaikulu kuposa kale lonse. Nanga linatuluka liti? Kumapeto kwa Julayi, nthawi yokapereka zikalata ku bungwe loyendetsa chisankho la MEC ku BICC, chisankho chili pa 16 Sepitembala. Miyezi iwiri sinakwane. Ndipo dzinalo linali la mayi Jane Ansah, munthu wa mbiri yolemera mbali zonse: anakhalapo mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo ndi woweruza ku bwalo lalikulu la apilo, komanso ndi amene ankatsogolera MEC pa chisankho cha 2019 chimene bwalo linachithetsa pa 3 Febuluwale 2020. Panali zambiri zoti mtundu ukambirane modekha. Nthawi yake inali ya misonkhano, nsalu ndi magule.

Ku MCP nakonso dzina linabisidwa mpaka tsiku lokapereka zikalata. Chodabwitsa n'chakuti nthumwi za chipanichi zinali zitalankhula kale. Pa msonkhano waukulu wa Ogasiti 2024 zinasankha mayi Catherine Gotani Hara kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani, ndipo a Mumba anali m'gulu la amene anagonja pa mpando umenewo. Chaka chisanathe, wogonja uja ndi amene anakwera pachithunzi. Sindikuti a Mumba sanayenere, mwina anayeneradi. Ndikuti nthumwi zimene zinachoka ku Nkhotakota ndi ku Salima kukavota ku Lilongwe zinazindikira kuti voti yawo imathera pakhomo la chipani, ndipo zenizeni zimakambidwa m'chipinda cha munthu m'modzi.

Chinsinsi chimenechi chimapindulira woimayo yekha. Onse olakalaka mpando amakhala akumugwadira, akuthira ndalama zawo mu kampeni, aliyense atanong'onezedwa kuti ndi iweyo. Atolankhani amadzaza masamba ndi maina. Ife timakangana pabawo. Tsiku likafika amavundukula dzina ngati mphatso ya paukwati, anthu n'kuululutira, ndipo pasanapite nthawi mapepala ovotera amakhala akusindikizidwa. Wina akatulukira chilema pa munthuyo, kwachedwa.

Kumudzi sitichita choncho. Mfumu, ngakhale itakhala yanzeru bwanji, siitana mphwake m'modzi kuseri n'kumulonga yokha. Mbumba imakhala pansi, amayi akuluakulu amene anawaona anawo akukula amanena kuti uyu ndi waukali, uyu ndi womana, uyu amamva za anthu. Amatenga nthawi chifukwa akudziwa kuti akalakwitsa, mudzi udzalira zaka zambiri. Ngati timasamala chotere ndi mpando woweruza milandu ya mbuzi ndi malire a minda, bwanji wolowa m'malo mwa mtsogoleri wa dziko timamulandira ngati mlendo wofika usiku?

Andale amayankha kuti ukatchula dzina msanga, okhumudwa amathawa n'kukagwirizana ndi adani. Mantha amenewa ali ndi maziko, koma kubisa sikuwachiza. A Kachali atasiyidwa mu Febuluwale 2014 anakhala ndi chilonda chawo mpaka chisankho chitayandikira, n'kulengeza kuti akuthandiza a Mutharika. Bala linatseguka pakati pa kampeni, pamene panalibenso nthawi yolipoletsa. Dzina likanatuluka chaka chimodzi m'mbuyo, wokwiya akanakwiya, wochoka akanachoka, chipani n'kudziwa amene chatsala nawo. Ndipo ngati chipani chingasweke chifukwa chongotchula wachiwiri, kuli bwino tidziwiretu tisanachipatse boma.

Yankho lina ndi lolemerapo. Chiweruzo cha 2020 chinakhazikitsa kuti wopambana apeze mavoti oposa theka, ndiye mpando wa wachiwiri wasanduka ndalama yogulira mgwirizano, ndipo migwirizano imapsa mochedwa. Apa ndikuvomera pang'ono. Koma malamulo anapereka kale mpando wina wa ntchito imeneyi, wa wachiwiri wachiwiri, umene umapita kwa munthu wa chipani china. A Chakufwa Chihana anaukhalapo nthawi ya a Muluzi, ndipo mwana wawo a Enock Chihana anapatsidwa womwewo DPP itapambana mu 2025. Ngati zipani zaumirirabe kugulitsana mpando woyambawo, pangano lake liikidwe poyera. Tonse Alliance, mgwirizano wa a Chakwera ndi a Chilima uja, inatiphunzitsa. Pa 1 Julayi 2022 a Chilima anauza mtundu kuti anagwirizana zoti a Chakwera alamulire zaka zisanu kenaka asiyire iwo. A MCP sanavomereze. Anthu mamiliyoni anavotera mgwirizano umene sanauwerengepo, ndipo pamene eni ake anayamba kutsutsana, wovota analibe pepala loti aloze. Chaka chomwecho a Chakwera anasiya kuwatuma ntchito a Chilima, mu Novembala bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB linawamanga, ndipo mlanduwo unathetsedwa mu Meyi 2024 usanafike pa chigamulo. Zaka ziwiri boma likuyenda mutu ndi khosi zikuyang'ana kosiyana.

Pali enanso amene amati vuto litha tikangopatsa pulezidenti mphamvu yochotsa wachiwiri wake. Amenewa ndiye ndimawakana kwamtuwagalu. A Bingu akanakhala ndi mphamvu imeneyo, a Chilumpha akanachoka mu 2006, mayi Banda mu 2010, ndipo mu Epulo 2012 dziko likanagwera m'manja mwa munthu amene palibe anamuvotera, wosankhidwa pa nthawi imene nkhani yonse mu DPP inali yokonzera njira mng'ono wa mtsogoleri. Chitetezo cha wachiwiri ndi chimene chinatipulumutsa usiku uja. Chofunika si kumufooketsa, koma kumusankha bwino ndi kumupatsa ntchito yolembedwa m'malamulo, yosalandidwa bwana akadzuka ndi mkwiyo. Ofesi imene imadya misonkho yathu siyenera kukhala ndi ntchito lero, mawa n'kukhala yongowerenga nyuzipepala.

Zotheka kuchita zilipo, ndipo zambiri sizifuna n'komwe kusintha malamulo a dziko. Chipani chikhoza kulemba m'malamulo ake kuti wopikisana pa utsogoleri afike ku msonkhano waukulu atagwirana dzanja ndi amene adzaime naye, nthumwi ziwavotere pamodzi. Potero woimayo wasankha yekha munthu amene angagwire naye ntchito, kupewa za a Bingu ndi a Chilumpha, koma wasankhira pagulu, ndipo mtundu uli ndi chaka chathunthu chomuyang'ana munthuyo. Mtsutso wa oima nawo, ngati umene wailesi ya Zodiak inakonza mu 2014, usamakhale wakuti wofuna abwere wosafuna akhale. Wothawa mtsutso atiuze chimene akubisa. Ndipo mafunso ake akhale a upulezidenti: kwacha mudzaitani, ngongole za boma mudzazibweza bwanji, nsomba zikutha m'nyanja muno mudzatani, alimi a mzimbe ku Dwangwa ndi a mpunga mudzawapezera msika uti.

Mafumu athu nawonso ali ndi gawo, ndipo ndikunena izi mwaulemu wonse. Wandale akabwera kudzachititsa msonkhano kwa Malengachanzi, kwa Kanyenda kapena kwa Mwadzama, gogo chalo amapatsidwa mpata woyankhula mtsogoleri asanaime. Nthawi zambiri pempho limakhala lakuti mutikumbukire pogawa mipando. Pempho limeneli wandale amalikonda chifukwa silimudyera kanthu: amagwedeza mutu kuno, n'kukagwedezanso ku Karonga ndi ku Nsanje sabata yomweyo. Limene lingamutulutse thukuta ndi lakuti, bwana, tiuzeni tsiku limene mudzatchule wachiwiri wanu, ndipo mudzabwere naye kuno tidzamufunse tokha.

MCP ndi DPP zinachititsa misonkhano yawo ikuluikulu mu Ogasiti 2024, chaka chimodzi chisankho chisanafike. Zikadzatsata kalendala yomweyo, ina idzakhala mu 2029. Apampando a m'madera, amayi a chipani ndi achinyamata a ku Nkhotakota ndi ku Salima adzakhala m'holo zimenezo atanyamula mavoti, ndipo ofuna mipando adzayamba kuwayendera m'makomo miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Pa maulendo amenewo m'pamene nthumwi imakhala ndi mphamvu kuposa nthawi ina iliyonse. Wofuna utsogoleri akadzakhala pamkeka n'kupempha voti, nthumwiyo imufunse dzina la wachiwiri wake asanatulutse envulopu.